Wakutsina khutu ndi mnansi: za kusankha maalamu ndi nyali za fokolifiti ku Durban

Ku Sydenham, dera la mzinda wa Durban loyandikana ndi Overport, Sherwood ndi Clare Estate, kumakhala Amalawi ambiri amene amalawirira m'mamawa kukagwira ntchito yotsitsa, kusenza ndi kusanja katundu. Ena amatsikira ku Springfield Park, m'mbali mwa Umgeni Road, kumene kuli masitolo a pikulitsa ndi nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu. Ena amakwera takisi kulowera kummwera, ku Clairwood komwe kuli msika waukulu wa zipatso ndi ndiwo zamasamba, kapena ku Jacobs ndi ku Mobeni, kufupi ndi doko limene limalandira makontena ambiri kuposa doko lina lililonse mu South Africa. Malo onsewa amafanana pa chinthu chimodzi: pabwalo limodzi pamayenda fokolifiti, kagalimoto ka mano awiri konyamulira mapaleti, ndipo pomweponso pamayenda anthu apansi.

Kusankha alamu ndi nyali zoika pa galimoto imeneyi kawirikawiri kumathera pakati pa anthu awiri, mwini kampani ndi wogulitsa zipangizo. Wogulitsa amatambasula buku la mitengo, mwini kampani amaloza alamu yofuula kwambiri kapena yotsika mtengo, nkhani n'kuthera pomwepo. Munthu amene alamuyo akuigulira sakhalapo. Iyeyo ndi waganyu woyenda pansi, thumba lili paphewa, msana atalozetsa kumene galimoto ikuchokera. Chenjezo limapindula ngati lafika m'khutu kapena m'diso la munthu ameneyu, iye n'kudziwa tanthauzo lake, n'kupezanso nthawi yoti apatuke. Zitatuzi ndizo muyeso wa alamu ndi nyali iliyonse, ndipo chipangizo cholephera pa chimodzi mwa izo ndi ndalama yotayika, ngakhale chikuwe chotani.

Choyamba n'kudziwa chimene chimachititsa fokolifiti kukhala yoopsa. Poiona imaoneka yaing'ono kuposa galimoto wamba, koma yonyamula matani awiri ndi theka imalemera yokha pafupifupi matani anayi, chifukwa kumbuyo kwake kuli chitsulo cholemera chothandiza kuti isagwe chafufumimba ikakweza katundu. Ikasenza, kulemera konse kumaposa matani 6. Imakhota ndi matayala akumbuyo, motero mbuyo yake imakhwethemukira kunja pamene munthu wozolowera magalimoto a mumsewu sakuyembekezera. Katundu akatalika amatchinga maso a dalaivala, ndipo lamulo la ntchitoyi ndi lakuti zikatero aziyenda chobwerera m'mbuyo, khosi atapotoza. Zoyendera batire, zomwe zikuchulukirachulukira m'nyumba zosungiramo katundu, zimayenda mwakachetechete. Ku United States, kumene amasunga bwino chiwerengero cha ngozi zapantchito, bungwe la Bureau of Labor Statistics linawerenga anthu 614 amene anafa pa ngozi za fokolifiti kuyambira 2011 mpaka 2017, ndipo chaka chilichonse anthu oposa 7,000 ankavulala mpaka kujomba kuntchito.

Alamu imene anthu ambiri amaidziwa ndi ija yolira kuti pii, pii, pii galimoto ikamabwerera m'mbuyo. Inayamba kupangidwa ku Japan m'chaka cha 1963, ndipo inafala chifukwa ndi yotsika mtengo ndiponso yosavuta kulumikiza. Ubwino wake waukulu ndi wakuti aliyense anaimvapo, kaya wochokera ku Mangochi, ku Tete kapena ku Umlazi. Komabe ili ndi chilema chochokera ku mmene khutu limagwirira ntchito. Munthu amadziwa kumene phokoso likuchokera poyerekeza mmene lafikira m'makutu ake awiri, ndipo ubongo umachita bwino ntchitoyi pamene phokosolo lili ndi mamvekedwe osiyanasiyana, okwera ndi otsika pamodzi. Alamu ya pii ili ndi kamvekedwe kamodzi kokha. M'nyumba ya malata ndi mashelefu achitsulo, kamvekedweko kamagunda khoma n'kubwerera, kamveke kolimba pena, kofooka pena, mwakuti munthu amamva kuti galimoto ilipo koma sadziwa ngati ili kumanja, kumanzere kapena kuseri kwa shelefu.

Chifukwa cha vutoli, ku Britain kunapangidwa alamu ina yolira ngati mpweya wotuluka m'tayala, kuti tsii, tsii, imene imaphatikiza mamvekedwe ambiri nthawi imodzi. Ofufuza a bungwe la IRSST ku Montreal, m'dziko la Canada, atayerekeza mitundu iwiriyi anapeza kuti phokoso la alamu yatsopanoyi limafalikira mofanana kumbuyo kwa galimoto, ndiponso kuti anthu savutika kwambiri kuloza kumene likuchokera. Silipitanso kutali ngati la pii, zimene zili zofunika m'madera ngati Sydenham kumene masitolo a zipangizo zomangira ndi mabwalo otsitsirapo katundu anapanikizana ndi nyumba zogona anthu. Mabwalo otere akamatsitsa katundu mbandakucha, oyandikana nawo amadandaula, ndipo njira yachidule imene ena amatsata ndiyo kudula waya wa alamu kapena kuimata tepi kukamwa. Alamu yosasokoneza oyandikana nawo imakhalitsa pa galimoto.

Koma alamu yatsopanoyi ili ndi vuto lakelake. Munthu amene sanaimvepo angaiyese payipi ya mpweya imene yabowoka, kapena makina ochapira pansi. Kulira kwa chinthu pakokha kulibe tanthauzo mpaka anthu atagwirizana chimene kukuimira. Kumudzi, mfuu ya moto kapena ya mbala imadzutsa anthu chifukwa onse anakula akuidziwa, pomwe mlendo wochokera kutali angaimve n'kupitiriza kugona. Choncho bwana amene wagula alamu ya tsii, wosaitana antchito ake onse, a ganyu omwe, kuti aimve ikulira ndi kuwauza chimene ikunena, wagula theka chabe la chenjezo.

Nkhani ina ndi kukula kwa phokoso, ndipo apa ambiri amasokera poganiza kuti yofuula kwambiri ndiyo yoteteza kwambiri. Phokoso amaliyeza m'madesibelo. Maalamu ambiri obwerera m'mbuyo amalira pakati pa madesibelo 97 ndi 112 ukayezera pafupi. Pamtetete, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo 6, kotero alamu ya 97 pa mita imodzi imamveka 91 pa mamita awiri, 85 pa mamita anayi, ndi 79 pa mamita 8. Muyeso wa dziko lonse wa ISO 7731 umati chenjezo limveke ndi madesibelo 15 pamwamba pa phokoso la pamalopo. Pabwalo la ku Jacobs pamene mathiraki akulirima, alamu yofooka imamira isanafike kwa munthu. Koma m'sitolo yabata, alamu ya 112 imalira pafupi ndi mutu wa dalaivala tsiku lonse, chonsecho malamulo a South Africa a 2003 oteteza makutu pantchito anaika malire pa madesibelo 85. Dalaivala wotere akatopa nayo amaidula. Njira yanzeru ndiyo kuyeza kaye phokoso la pamalopo nthawi ya ntchito, kenako n'kusankha, ndipo pamene phokoso limasinthasintha, kugula alamu imene imamvetsera yokha phokoso lozungulira n'kudzikweza kapena kudzitsitsa.

Palinso kuzolowera. Nyumba imene muli mafokolifiti 10, onse akulira pii kuyambira m'mawa mpaka madzulo, imaphunzitsa antchito kusamva. Khutu limaponya kulirako pamodzi ndi phokoso la mafani ndi la wailesi. Mlonda wokuwa kuti "wakuba" usiku uliwonse, tsiku limene mbala yalowadi sipadzuka munthu. N'chifukwa chake alamu izilira pamene ikufunika basi, pobwerera m'mbuyo, ndipo hutala isungidwe kuti izilizidwa pamphambano ndi pazitseko, kuti kulira kulikonse kukhale ndi uthenga wakewake.

Kumene makutu akulephera, maso amathandiza, makamaka m'mafakitale mmene antchito amavala zotseka m'makutu. Nyali zofala ndi zamitundu itatu. Yoyamba ndi yachikasu yophethira pamwamba pa denga la galimoto, imene imangonena kuti galimoto ilipo ndipo yayaka, osanena kumene ikulowera. Yachiwiri imaponya dontho la buluu pansi, mamita angapo kutsogolo kapena kumbuyo, kuti munthu amene ali kuseri kwa shelefu aone donthoyo ikutulukira galimoto isanafike. Yachitatu imajambula mizere yofiira pansi m'mbali mwa galimoto, kusonyeza malire amene phazi lisadutse, makamaka chifukwa cha mbuyo ija imene imakhwethemuka pokhota. Nyali zoponya pansi zili ndi nzeru imodzi yaikulu: munthu wosenza katundu kapena wowerenga pepala amayang'ana pansi, ndipo chenjezo limamupeza komweko.

Nazonso zili ndi malire ake. Dzuwa la ku Durban limameza dontho la buluu pabwalo lapanja masana, kotero nyali imene imagwira bwino m'kati mwa nyumba ingakhale yopanda ntchito pokwezera mathiraki. Pansi ponyowa kapena ponyezimira pamabalalitsa kuwala. Nyali yothwanima kwambiri imathobwa m'maso mwa dalaivala mnzake. Kumbali ina, amene anagwira ntchito m'chaka cha 2023, pamene Eskom inkazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse, akudziwa mmene nyumba yosungiramo katundu imadera jenereta isanayake, ndipo pa nthawi yotero nyali zowunikira njira za galimoto yomwe ndizo zimakhala zofunika koposa zonse. Mwini malo ayenera kuyenda yekha m'njira za antchito ake, masana ndi usiku, m'kati ndi panja, asanasankhe.

Masamu ochepa amaonetsa chinthu chimene wogulitsa nyali sachitchula. Fokolifiti yothamanga makilomita 10 pa ola imadutsa pafupifupi mamita atatu pa sekondi imodzi. Ngati dontho la buluu lili mamita asanu patsogolo pake, woyenda pansi ali ndi masekondi osakwana awiri kuti aone, amvetse ndi kudumpha. Liwiro likatsika kufika makilomita asanu pa ola, nthawiyo imaposa masekondi atatu ndi theka. Phindu la nyali limadalira liwiro, ndipo liwiro limadalira kapitawo amene akufuna thiraki itsitsidwe isanakwane nthawi ya nkhomaliro.

Tsopano pali mbali imene imakhudza Amalawi mwapadera, ndiyo ya chinenero. Pabwalo limodzi la ku Springfield Park pangapezeke dalaivala wolankhula Chizulu, kapitawo wolankhula Chingerezi, ndi onyamula katundu olankhula Chichewa, Chiyao, Chishona kapena Chiswahili. Vutoli ndi lakale. Fanakalo, chinenero chosakaniza chimene chinabadwira ku Natal komweko m'zaka za m'ma 1800, chinakhala chinenero cha malamulo ndi machenjezo m'migodi, ndipo Amalawi amene anapita pa Wenela ndi pa Theba anabwera nacho kumudzi. Mawu oti "basopo" anachokera kumeneko, ku "pas op" wa Chiafrikaans. Eni migodi, ndi nkhanza zawo zonse, anazindikira kuti munthu wosamva chenjezo amafa ndi kuphetsa anzake, ndipo ankaphunzitsa olembedwa kumene mawu ofunikawo asanawatsitse pansi. Waganyu wa lero, wotoledwa pageti m'mawa kuti atsitse kontena imodzi, nthawi zambiri amangolozeredwa katundu.

Zinenero zimathandizana pena, pena n'kusokeretsana. Mchewa akaona chikwangwani cholembedwa "Danger, Gevaar, Ingozi" amazindikira mawu otsirizawo, pakuti ndi ngozi yomweyi. Mzulu akakuwa kuti "Yima", Mchewa amamva "ima". Koma "Qaphela", kutanthauza kuti chenjera, sapereka chithunzi chilichonse kwa wobwera kumene. Mitundu ya nyali nayonso ili ndi msampha. M'Chichewa mawu oti "chobiriwira" amatha kunena mtundu wa msipu ndi wa thambo womwe, ndipo m'Chizulu "luhlaza" amachita chimodzimodzi, mwakuti Azulu amawonjezera mawu ofanizira ndi udzu kapena thambo kuti asiyanitse. Womasulira akauza wantchito watsopano kuti "nyali yobiriwira ikaoneka pansi, patuka", munthuyo akukumbukira kuti pa maloboti a mumsewu nyali yobiriwira imati pita. Pophunzitsa ndi bwino kunena kuti "buluu", ndipo koposa apo kuyatsa nyaliyo munthu akuona, kuliza alamu akumva, ndi kumuyendetsa pamalo pomwe galimoto imakhotera. Zimenezi sizitha mphindi 10.

Wina anganene kuti izi ndi zofuna makampani akuluakulu, pomwe wamalonda wamng'ono wa fokolifiti imodzi yakale alibe ndalama zotere. Mtengo wa alamu ndi nyali ziwiri ndi waung'ono poyerekeza ndi wa galimoto yomwe, ndipo zinthu zopulumutsa kwambiri sizifuna ndalama zambiri: utoto wolembera njira ya anthu apansi, chotchinga chachitsulo pakhomo, galasi loonera pakona, ndi lamulo lakuti pamene fokolifiti ikukweza thiraki pasaime munthu. Kulekanitsa njira ya anthu ndi ya galimoto kumabwera patsogolo, alamu ndi nyali n'kutsatira, chifukwa chenjezo limasiya ntchito yonse yodzipulumutsa m'manja mwa munthu wotopa amene wasenza thumba la makilogalamu 50.

Winanso anganene kuti ngozi zambiri zimachitika chifukwa cha kusasamala kwa oyenda pansi. N'zoona kuti ena amadula njira, ena amatseka makutu ndi nyimbo za pafoni, ndipo lamulo limapatsa wantchito aliyense udindo wodzisamala ndi kusamala anzake. Koma mawu amenewa amasanduka chobisalira bwana akamati alamu inalira, ndiye mlandu ndi wa wovulalayo. Funso loyenera kufunsa ngozi ikachitika ndi lakuti kodi alamuyo inkamveka pamalo pamene munthuyo anaima, kodi akanatha kudziwa kumene ikuchokera, ndipo kodi alipo anamuuzapo tanthauzo lake m'chinenero chimene amamva.

Malamulo a South Africa ali kumbali ya woyenda pansi pa mfundo zimenezi. Lamulo la Occupational Health and Safety Act, nambala 85 la 1993, mu gawo 8 limalamula wolemba ntchito kuchotsa kapena kuchepetsa choopsa asanadalire zovala zodzitetezera, ndiponso kupereka malangizo, maphunziro ndi uyang'aniro. Gawo 13 limati wantchito aliyense adziwitsidwe zoopsa za ntchito yake. Gawo 9 limafikitsa udindowo kwa anthu amene si antchito a pamalopo, monga ogula ndi madalaivala a mathiraki. Gawo 23 limaletsa kudula malipiro a munthu chifukwa cha zipangizo zachitetezo, ndipo gawo 26 limaletsa kuchotsa kapena kulanga wantchito chifukwa chokanena kwa woyendera malo antchito. Pamene pali antchito oposa 20, gawo 17 limafuna kuti pakhale nthumwi yoona zachitetezo. Malamulo a makina a 2015, otchedwa Driven Machinery Regulations, amafuna kuti woyendetsa fokolifiti akhale wophunzitsidwa mtundu wa makina amene akuyendetsawo, ndipo satifiketi yake imakonzedwanso pakatha zaka ziwiri. Wovulala pantchito amathandizidwa kudzera m'thumba la chipukutamisozi la lamulo la COIDA, nambala 130 la 1993.

Chovuta n'chakuti lamulo limathandiza amene ali ndi pakamwa. Mu March 2019, Amalawi ambiri anathamangitsidwa m'nyumba zawo ku Burnwood nakabisala ku polisi ya Sydenham, ndipo ena anabwerera kumudzi. Munthu amene anaona zimenezo, makamaka ngati mapepala ake sali bwino, sachedwa kuganiza kuti kudandaula za alamu yakufa n'kudziputira mavuto. Komatu mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, khoti la zantchito linagamula kuti mlendo amene alibe chilolezo chogwirira ntchito amawerengedwabe ngati wantchito pansi pa malamulo a zantchito. Mantha ndi omveka, koma bwana amene amadalira manthawo kuti asakonze waya wa alamu akusewera ndi miyendo ya anthu amene amadyetsa mabanja ku Machinga, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay.

Pali zimene Amalawi okhala kumeneko angachite popanda kudikira woyendera wa ku Department of Employment and Labour. Mipingo, mizikiti ndi magulu a maliro kumene amakumana ndi malo oyenera kuuzirana zimenezi, monga mmene amauzirana za nyumba ya lendi ndi za basi yopita ku Blantyre. Amene wakhalitsa pantchito angatenge wobwera kumene tsiku loyamba, n'kumuonetsa pamene galimoto imakhotera ndi kumuuza kuti dontho la buluu likutanthauza chiyani. Amalawi amene ndi madalaivala ali ndi mphamvu yoposa apo, chifukwa galimoto imayenderedwa tsiku lililonse isanayambe ntchito, ndipo hutala, alamu ndi nyali zili pa mndandanda wa zoyendera. Kulemba pa pepalalo kuti alamu yafa kumasiya umboni umene sungakanidwe pambuyo pake. Nkhaniyi ikukhudzanso kumudzi, pakuti mafokolifiti omwewa amayenda m'misika ya fodya ku Kanengo ndi ku Limbe, ndipo Malawi ali ndi lamulo lake la chitetezo pantchito la 1997.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Alamu yosankhidwa bwino imachita ntchito ya mnansi wotero kwa munthu amene ali kutali ndi abale ake. Mwini malo amene akufuna kudziwa ngati anasankha bwino asafunse wogulitsa. Aitane waganyu amene wafika sabata ino, amuimike pakati pa mashelefu atatembenuka, alize alamu, kenako amufunse kuti galimoto ili mbali iti ndipo iye achite chiyani. Akaloza molondola ndi kuyankha msanga, chipangizocho n'choyenera malowo. Akazengereza, pali choti chikonzedwe ntchito isanayambe.